Tsaya la Timoteyo ndi Mapiritsi Ake

Mchesi,
Lilongwe.
Lachiwiri, 17 Juni.

Okondedwa achemwali anga a Sungeni,

Landirani moni wanga nonse kumudziko. Mukudzuka bwanji ndi chisanu cha chaka chinochi? Ngati kuno kutauni tikumagona ndi majuzi, ndiye kwathu ku Kasina madzi a m'ndowa ayenera kuti akuluma zala. Amayi mawondo aja ali bwanji? Chifuwa chija chinawasiya? Nanga inuyo msana? Musandiyankhe kuti muli bwino pongotsata mwambo, ine ndikufunsa kuti ndidziwe. Ife kuno tilipo. Amake Dennis ali bwino, ana onse atatu akupita kusukulu. Madzi ndiwo akumasowa pampopi, tikumatunga kwa aneba, ndipo eni nyumba akuti denga lodontha lija adzakonza mvula ikayandikira, monga ananenera chaka chatha.

Mudabwa kuti munthu wa foni m'thumba wagwira cholembera. Ndalemba chifukwa foni ya Lamulungu ija inatha moipa. Munangoyamba kundifotokozera za Timoteyo, alamu a Alufeo n'kulanda foni, ine n'kupsa mtima, iwo n'kudula. Ndayesa kuimbanso koma sakuyankha, ndipo foni ya pakhomopo ndi imodzi, ili m'thumba mwawo. Tsono kalatayi ndapatsira a Stefano, ogulitsa kachewere aja, amene akubwerera mawa m'mawa ndi lole yawo. Muyambe mwaiwerenga nokha, kenaka muwawerengere amayi ndi alamu. Musadumphe malo owawa, ndimakudziwani.

Ndibwereze zimene ndinamva, kuti ngati ndinamva molakwa mundikonze. Mng'ono wathu Timoteyo wasiya kudya chimanga chokazinga, nzimbe akungoiyang'ana. Akumadzimenya tsaya lakumanzere ndi chibakera, sakugona, ndipo akukankha aliyense womuyandikira, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Inu munagula panado pagolosale n'kumamupatsa. Pamenepo alamu analamula kuti mapiritsi ake a khunyu, akuchipatala aja, ayambe aima, ati mankhwala awiri sakumana m'mimba imodzi, amamenyana mpaka kupha mwiniwake. Ndiye mapiritsi ali pamwamba pa kabati, Timoteyo wayambiranso kugwa, munthu amene anatha chaka chathunthu osagwa. Pamudzi ena akuti mutu wasokonekera, ena akuti amangidwe.

Achemwali, uno ndi Juni. M'mawa ndi madzulo munthu amakhala pamoto, ndipo chipsera cha pamkono pa Timoteyo mukudziwa kumene chinachokera. Koma ndisayambe ndi ukali. Ndiyambe ndi kumene ndakhala ndikugwira ntchito masiku ano, chifukwa zonse zimene ndinene zachokera kumeneko.

Magetsi kuno akuthimathima, ndipo akamabwera amabwera ngati ng'ombe yothyola khola, n'kuotcha mamota a anthu. Kwa ena ndi tsoka, kwa ine ndi ntchito. Mwezi watha anandiitana pa kachipatala kena ka mano, ka dokotala wina wamkazi, ati kompuresa yawo yafa. Ndinayesa alakwitsa nambala. Kompuresa ndimaidziwa ya opopa matayala ndi ya opaka penti magalimoto. Yachiyaninso pa mano a munthu? Ndinapita chifukwa chofuna kuona basi.

Kamakina kamene amakumbira dzino kaja kamayenda ndi mphepo! Mphepo imachoka mu kompuresa, kudzera m'kapaipi, n'kukazunguza kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga, n'kumalira ngati udzudzu wonenepa. Mpando wa wodwala nawo uli ndi mota yakeyake. Ukaponda pansi umakwera, umatsika, umagona chagada. Ine amene ndinaphunzira mamota pongoonerera ocheka matabwa m'munsi mwa Phiri la Dedza, wopanda pepala ngakhale limodzi, ndinaswera pansi pa mpando umenewo ndikusekerera ndekha ngati mwana amene wapatsidwa wailesi kuti aimasule.

Ntchito inatalika chifukwa chitsulo china anachita kuitanitsa, ndiye ndakhala ndikupitapita. Makutu anga mukuwadziwa, satseka. A dokotala anandichenjeza tsiku loyamba lomwe kuti matenda a anthu si nkhani ya mu minibasi, choncho maina sinditchula.

Chimene chinayamba kundinyansa ndi mafunso. Munthu wabwera atagwira tsaya, misozi ili m'maso, m'malo momuzula akumufunsa za mtima, za shuga, za kuthamanga kwa magazi, ngati ali ndi pakati, ngati wadyako m'mawa, mankhwala amene akumwa, mpaka a zitsamba omwe. Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinawauza a dokotala pamaso kuti mayi, kumsika kwathu munthu wa pulayasi akanakhala atazula anthu atatu inu mukadali pa funso lachiwiri. Namwino wawo, a Magadalena, anandiyang'ana ngati ndaba chopereka. Koma a dokotala anangoseka, n'kundifunsa ngati ndinaonapo dzino litakwera minibasi lokha kubwera kuchipatala. Ati dzino limabwera ndi mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo amabwera ndi zonse zimene wameza.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wofunsa, paja safunsa anadya phula. Alipo mapiritsi amene anthu odwala mtima amamwa kuti magazi asaundane. Munthu wotero ukamuzula usakudziwa, magazi amatha kumangotuluka osaleka. Wa shuga akabwera osadya poopa kusanza amatha kukomoka pampando, ndiye m'kabati amasungiratu zotsekemera, zimene ine ndinkayesa ndi za tiyi wa antchito. Zija timachita kwathu zoika asipirini pa dzino lowawa, akuti kumangootcha nkhama, dzino lili pompo. Ndinaona ndi maso anga bambo wina nkhama itayera ngati wathirapo madzi owira.

Pakona pali silinda imene ndinkaiyesa ya ootcherera zitsulo, mpaka ndinafunsa ngati a dokotala amaotchereranso mawindo Loweruka. Ndi ya mpweya wothandiza munthu amene akubanika. Pambali pake pali bokosi lofiira la mankhwala a zadzidzidzi. A Magadalena amalitsegula pafupipafupi kuona ngati mankhwalawo sanathe mphamvu, ngakhale ipite miyezi asanatengemo kanthu. Ndinati kumeneko n'kutaya nthawi. Anandifunsa kuti nanga inu a enjiniya opanda sukulu, tayala lapadera mumalipopa linzake litaphulika kale? Mayi ameneyu pakamwa pake n'pakuthwa kuposa panga, ndipo tikugwirizana kwambiri.

Ndaonanso anthu amene sindinkaganiza kuti amafika kwa dokotala wa mano. Gogo wina wofa ziwalo mbali imodzi anamuthandizira pa njinga yake ya olumala yomweyo, osamunyamula, a dokotala atachita kuwerama. Mtsikana wina wosamva, a dokotala ankabwerera m'mbuyo pang'ono n'kutsitsa kansalu ka pakamwa kaja kuti aziona milomo yawo. Zinthu zazing'ono, koma ine sindikanaziganiza.

Tsono masabata awiri apitawo ndinali kumanga paipi kuseri kwa mpando wachiwiri. Pa mpando winawo panali mayi wina wa msinkhu wanu. Mafunso onse aja anayankha kuti ayi, ayi, ayi. Anamubaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kumadikira kuti agwire. Kenaka ndinamva kulira kuja. Inu mukukudziwa, kuja amalira Timoteyo akamagwa, kumodzi kokha, kochokera pansi pa chifuwa. Miyendo yanga inadziwa mutu usanadziwe. Ndinadzambatuka, kutola supuni ya tiyi patebulo, n'kuthamangira pampando monga timachitira kwathu.

A dokotala, osacheuka n'komwe, anati a Gervazio, supuniyo ikangofika pakamwa pa munthuyu, kompuresa mukakonze kwina. Ndinaima ngati chitsa, n'kumaonerera. Zonse zimene anachita n'zotembenuza zathu. Ife timalowetsa chinthu m'kamwa, iwo anatulutsa zonse, thonje ndi tizitsulo. Ife timapanikiza manja ndi miyendo, iwo sanamupanikize, anangokankhira kutali tebulo la zida, kugoneka mpando, n'kumateteza mutu kuti usagunde. A Magadalena maso ali pa wotchi. Kugwedezeka kutatha anamugoneka cham'mbali kuti malovu azituluka, n'kumuika mpweya uja pamphuno, akumuitana dzina lake pang'onopang'ono. Palibe anakuwa, palibe anathira madzi, palibe anathawa malovu.

Anthu atatha ndinawatsata a dokotala, supuni ikadali m'mutu mwanga. Ndinati nanga lilime, akalimeza? Anandiuza kuti ndiyese kumeza langa pomwepo. Ndinayesadi, achemwali, bambo wa ana atatu, a Magadalena akuonerera. Silimezeka. Akuti supuni imangothyola mano ndi kung'amba nkhama, ndipo chidutswa cha dzino chikhoza kugwera kolowera mpweya. Wotchi ija n'njoti kugwako kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza munthu asanatsitsimuke, apo ndiye pamafunika mankhwala a m'bokosi lofiira ndi galimoto yothamangira kuchipatala chachikulu. Muwauze amayi kuti supuni yaikulu ija ibwerere ku ntchito yake yopakulira ndiwo.

Koma chimene chinandikhala m'mutu ndi chifukwa chimene mayi uja anagwera. Atatsitsimuka anaulula kuti ali ndi khunyu, amamwa mapiritsi, ndipo panatha zaka asanagwe. Kwa a dokotala anabisa chifukwa cha manyazi. Mapiritsiwo anawasiya masiku angapo asanabwere, poti apongozi ake anamuuza kuti jakisoni wa dzino akakumana ndi mapiritsi m'thupi, munthu sadzukanso. Dzino silinazulidwe tsiku limenelo. Anabwerera nalo kwawo, ataonjezerapo lilime lolumidwa.

Ndiye Lamulungu lija, pamene alamu anayamba kundiphunzitsa za mankhwala awiri omenyana, ine ndinkaona mayi ameneyu. N'chifukwa chake ndinawafunsa kuti udokotalawo anauphunzira m'munda uti wa nyemba. Si mawu onena kwa mlamu, ndikudziwa.

Dzulo ndinawafotokozera a dokotala za Timoteyo. Ndinati ndi bambo wopitirira zaka makumi atatu, malungo aakulu a paubwana anamusiyira khunyu n'kumulanda mawu, amatchula mawu owerengeka okha, koma mizere amalima yowongoka kuposa yanga. Funso lawo loyamba linali dzina la mapiritsi. Ine ndinati ang'onoang'ono oyera. Iwo ati theka la mapiritsi a m'dziko muno ndi ang'onoang'ono oyera.

Apa mumvetsere bwino, ndipo alamu amve. A dokotala akuti alamu sananame kwathunthu. Zinandiwawa kumva, koma poti ndimadzitama kuti ndimanena mosapsatira, ndilemba. Alipodi mankhwala amene akakumana m'thupi amalimbana, ena kufooketsa anzawo, ena kuwaonjezera ukali, ndipo ena a khunyu ali m'gulu lomwelo. N'chifukwa chake amafunsa mafunso aja. Koma akuti panado womwa motsata muyezo wake si chifukwa chosiyira mapiritsi a khunyu, ndipo pakakhala chikayiko munthu amakafunsa kuchipatala, osati kuimitsa chimene chakhala chikumugwira zaka zonsezi. Mmene anafotokozera, ine ndinamva ngati kuchotsa mwala kuseri kwa tayala la lole yoima pamtsetse.

Choncho tsiku lomwe mwalandira kalatayi, mupite naye kuchipatala kumene amalandira mapiritsiwo. Mukanene mosabisa masiku amene wadumpha, akakuuzeni mmene angayambirenso. Musamumwetse ambiri nthawi imodzi kuti mubweze a masiku otayikawo, akuti kumeneko n'kuonjeza vuto. Ndipo pamoto asakhale yekha.

Ndinafunsanso ngati dzino lingasokoneze munthu mutu. Anandibwezera funso, ati inuyo a Gervazio, dzino litakugwirani masabata awiri mulibe mawu onenera, mungatani? Akuti anthu osalankhula amanena ndi thupi, kudzimenya powawapo, kukana chakudya cholimba, kusagona, kukankha ndi owakonda omwe. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nanga amene wamva m'mimba koma kutsegula sakudziwa? Amachimenya chitsekocho.

China chimene chinandidabwitsa n'chakuti mapiritsi ena a khunyu amakulitsa nkhama mpaka kumakwirira mano, zakudya n'kumabisala m'menemo. Inu munkadziwa? Ine ndimayesa piritsi limangopita m'mutu. Ndani wa ife anayang'anapo m'kamwa mwake chaka chino? A dokotala sanalonjeze kuti ndi dzino. Akuti likhoza kukhala khutu kapena china, sangadziwe asanaone. Koma akuti kumanga munthu usanamuyang'ane m'kamwa ndiye ayi. Anandiuzanso kuti ndilembe izi: tsaya likatupa kulowera kudiso kapena kukhosi, thupi likatentha, kapena akamavutika kumeza, musadikire lole kapena kalata ina, muthamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo wa pulayasi wa kumsika uja asamukhudze.

Ine ndinawauza poyera kuti Timoteyo sadzalola. Mlendo akamugwira kumaso amaluma. Mukukumbukira wometa uja amene anamusiya mutu uli theka? Ndinkayembekeza kuti anena kuti tibwere ndi amuna anayi omugwira. Ayi ndithu. Akuti ngati sipanatupe, tsiku loyamba sagwira chida chilichonse. Munthu amabwera m'mawa anthu asanachuluke, atadya, atamwa mapiritsi ake, n'kungokhala pampando, kuukweza, kuutsitsa, kugwira ndi dzanja lake kagalasi koonera mano. Akafuna kutuluka, atuluke. Chilichonse amayamba amuuza, n'kumuonetsa pachala, kenaka ndiye m'kamwa. Nyali ikamuthobwa amamuveka magalasi akuda. Zonse zikakanika amamutumiza kuchipatala chachikulu, kumene amagoneka munthu tulo n'kukonza zonse kamodzi, koma akuti kumeneko n'kothera, si koyambira. Ndinati ntchito yoti mungaimalize tiyi asanazizire izikutengerani masiku? Iwo ati eya, kufulumira n'kwa okonza makompuresa.

Mbali yanga ndayamba kale. Mukudziwa mmene amathawira phokoso la chigayo, ndiye kompuresa ndikuisamutsira kuseri kwa nyumba, ndaimangira kabokosi ka matabwa. Imveka ngati mphaka wogona.

Kenaka a dokotala anandifunsa funso lina. Ati kodi ilipo nthawi imene Timoteyo amatsegula pakamwa yekha, mwa kufuna kwake, pamaso pa munthu wina? Ndinati palibe. Ndinakumbukira ndili kale mu minibasi. Pa Misa! Mumayenda naye pamzere, inu kumanzere kwake. Mukafika kutsogolo mumamukhudza chibwano ndi zala ziwiri, iye n'kupinda manja, kutsinzina, kukweza mutu, kutsegula pakamwa, ali phee mpaka atalandira. Munamuphunzitsa nokha zimenezi, anthu akunena kuti wotere sangalandire Ukaristia. Ndinakuwa kuti nditsike, kondakitala n'kundinena kuti ndaledzera masana, ine n'kumuyankha zoyenera, n'kubwerera wapansi kukawauza a dokotala.

Amayi asadzidzimuke. Palibe amene akufuna kusewera ndi za Mulungu. Ine ndinatsala pang'ono kuganiza zomunamiza kuti ali m'tchalitchi, koma a dokotala anakana ndisanamalize n'komwe. Akuti ukamunamiza kamodzi wataya zonse, ndipo mwina angadzayambe kukana ndi kulandira komwe. Chimene iwo anatolapo n'chakuti alipo munthu mmodzi pa dziko lino amene zala zake Timoteyo amazikhulupirira. Ati ameneyo ndiye abwere. Ndipo muyambiretu kumudzi komweko. Mukhale naye padzuwa, mumuuze kuti tione mano, mumukhudze, muyang'ane pang'ono, n'kumusiya. Akakana musakakamize, mudzayesenso mawa lake. Chimene muone kumanzereko mukandiuze, ndikufunitsitsa kudziwa.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mubwere naye inuyo, achemwali. Osati alamu, osatinso ine kudzamutenga, chifukwa kwa ine satsegula. A Stefano akubweranso Lolemba ndipo avomera kuti nonse awiri mukhale kutsogolo. Mutenge mapiritsi m'timapepala take momwemo, kabuku kake ka kuchipatala, panado wotsalayo, ndi china chilichonse chimene wamwa masiku ano, ngakhale mizu ya kwa azakhali ngati ilipo. Palibe adzakukalipireni, amangofuna kuona.

Ndikudziwa kuti nyemba zili pabwalo zosapuntha, dimba likufuna madzi, ndipo inu simunagonepo kunja kwa mudzi chimwalirireni abambo. Ndikudziwanso kuti alamu afunsa kuti nanga pakhomo pakhala ndani. Amake Dennis adzipereka okha. Akwera lole yomweyo ikamabwerera, adzakhala ndi amayi mpaka inu mutabwerako, akuti kupuntha nyemba sanaiwale. Ine ndi ana tiziphika tokha, sitifa. Chipinda cha ana takonza kale, mbaula tiziisiya panja.

Lero m'mawa ndinachita chinthu china. Ndinapempha kuti andikhazike pampando uja, andichite zonse zimene adzamuchite Timoteyo, kuti ndikamakuuzani kuti sizoopsa ndizinena zimene ndikudziwa. A Magadalena anaseka mpaka kugwira khoma, ati lero makutu athu apumako. Mpando umene ndaumasula ndi kuumanga ndi manja angawa utayamba kugona, ndinaugwiritsitsa m'mbali ndi manja onse awiri. Nyali kumaso, zala za munthu m'kamwa, malovu akudzaza. Anapezadi kabowo pa dzino lam'mbuyo, kamene ine sindinkadziwa, ndipo kachitsulo katangokhudza pamenepo ululu unathamanga mpaka m'khutu. Ndinafuna kunena kuti pamenepo, siyani. Mawu sanatuluke, kunangotuluka kubuula. Ndisanadziwe n'komwe, dzanja langa linali litakankha mkono wa a dokotala, kagalasi kali gubudugubudu pansi. Munthu amene sanandilakwirepo kanthu.

Anatola kagalasi kaja osakwiya, n'kundipatsa madzi. Kwa ine kanali kanthawi kochepa, ndipo nditalavula ndinatha kupepesa, n'kuloza ndi chala kuti ndi ili. Timoteyo ayamba sabata yachitatu. Mubwere naye, achemwali.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mawondo abwera ndi apongozi awo, amake Dennis. Moni kwa alamu. Muwauze kuti za munda wa nyemba zija ndapepesa ndipo ndidzabwera kudzapepesa ndi pakamwa, koma mapiritsi atsike pakabatipo lero. Moni kwa amalume ndi banja lawo, kwa azakhali, kwa Chisangalalo ndi ang'ono ake onse, ndi kwa a m'mphakati mwathu. Amake Dennis ndi ana akupereka moni.

Timoteyo mumuuze zoona zokhazokha, mwachidule. Akwera lole kutsogolo, akubwera kwa ine Geva, akaonetsa powawa.

Mulungu akusungeni mpaka tionane Lolemba pamsika.

Ndine mlongo wanu,
Gervazio